Msana wavulala: kodi nditule pansi unamwino?

Azakhali,

Ndine namwino m'wodi ya abambo. Chaka chatha, tikukweza wodwala pabedi, ndinamva kuthetheka kumsana, ndipo dokotala anati mtsempha unapanikizika pakati pa mafupa. Tsopano kuwerama n'kosatheka, ndipo ndikagwira ya usiku ndimaweruka ndikukoka mwendo. Ana atatu akuyang'ana ine. Kodi ndisiye ntchito ndikayambe geni ya kaunjika?

Wothedwa nzeru, ku Dedza

Mwana wanga,

Ngakhale ululu ukukuumirizani, ndipo ngakhale mtima ukukunong'onezani kuti mwasanduka mtolo kwa anzanu, musalembe kalata yotula pansi udindo, pakuti wochoka yekha amasiya pakhomo zambiri zimene akanazipeza akanapempha ali m'kati. Yambani mwatenga kalata ya dokotala wa mafupa yonena zimene thupi lanu silingathenso kuchita, muipereke kwa a matroni pamodzi ndi pempho lolembedwa lakuti akusamutseni. Ndipo popeza munavulala muli pantchito, funsani ku ofesi ya zantchito za chipukutamisozi, ndiponso a bungwe la anamwino la NONM akuperekezeni. Paja mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Mtumwi Paulo anaphunzitsa Akorinto kuti ziwalo za thupi n'zambiri ndipo chilichonse chili ndi ntchito yake. Momwemonso unamwino suthera pa kunyamula odwala. Kuli kusikelo ya ana ndi amayi oyembekezera, kuli kwa zakulera, kulinso kumene amalandirira ma ARV kapena mankhwala a shuga ndi BP, kumene chofunika ndi khutu lodekha ndi diso lozindikira msanga wodwala amene akufooka. Kuli Chipatala Cha Pa Foni, chimene chinayambira ku Balaka mu 2011, kumene azaumoyo amalangiza anthu pa lamya. Mabungwe a kafukufuku, monga Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre ndi UNC Project ku Lilongwe, amalemba anamwino osunga kaundula ndi kulondola odwala. Ndipo ngati mtima ukukokerani ku uphunzitsi, masukulu a bungwe la zipatala za mipingo la CHAM, monga a ku Nkhoma ndi ku Malamulo, amafuna aphunzitsi odziwa wodi, ngakhale kuti njira imeneyo idzafuna muwonjezere maphunziro mpaka digiri, monga ya ku yunivesite ya KUHeS.

Komabe sindikubisirani: ndalama ya lokamu, ya maola owonjezera, idzachepa, mipata yotere amailimbirana ambiri, ndipo kukhala pampando tsiku lonse nakonso kumapweteka msana. Chotero musaleke mafizo, muziimirira ndi kuyendayenda kawirikawiri, ndipo chiphaso chanu cha ku khonsolo ya anamwino ndi azamba chisathe mphamvu, chifukwa popanda icho makomo onsewa ngotseka. Mukadzaona dzanzi likufalikira pakati pa miyendo, kapena mkodzo ukutuluka wokha, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.

Kaunjikayo ayambe wadikira. Kalata ya kwa a matroni ilembedwe sabata ino.

Ndine wanu,
Azakhali