Pulogalamu yoyenda yokha isakhale yopanda mbusa

Achinyamata a kwa Maganga amene mwayamba kulemba mapulogalamu a kompyuta, tcherani khutu. Mwina wina wa inu wapangira kale gulu la banki m'khonde kapena ogula usipa ku Senga Bay kapulogalamu kowerengera ngongole kokha, kotumiza mauthenga pafoni iye ali mtulo. Nzabwino. Koma chinthu choyenda chokha chikalakwa, chimabwereza cholakwacho mofulumira, palibe wochiuza kuti taima.

Kumapeto kwa Julayi 2012, kampani ya Knight Capital ku America idaika code yatsopano pa makompyuta ake 7 mwa 8, ina ija nkuiwalika. M'menemo mudali code yakale imene idasiya kugwiritsidwa ntchito koma sidafufutidwe. Pa 1 Ogasiti idadzuka nkuyamba kugula ndi kugulitsa masheya yokha. M'mphindi 45, ndalama pafupifupi madola 440 miliyoni zidapita. Choncho code imene mwasiya, ifufuteni. Ndipo pulogalamu iliyonse yogwira ndalama muyiikire malire, kuti ikadutsa pamenepo iyime, idikire munthu.

Kuno vuto lalikulu ndi magetsi ndi netiweki. Pulogalamu yatumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, netiweki yadula yankho lisanabwere. Iyo ikuyesa kuti sizinapite, nkutumizanso. Mayi wa usipa walipira kawiri, ndipo kwa mfumu sadzaitana kompyuta, adzaitana inu. Malipiro aliwonse muwapatse nambala yawoyawo, pulogalamu izifufuza kaye ngati nambalayo idadutsa kale isanayesenso. Poyesa, zimitsani dala magetsi ntchito ili pakati, muone chimene chatsala. Boti salidziwira pa nyanja ya bata, amalidziwira pa mwera.

Mukasintha china, musagawire onse tsiku limodzi. Pa 19 Julayi 2024, fayilo imodzi yolakwika ya kampani ya CrowdStrike idagwetsa makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni, ndege nkulephera kunyamuka. Akuluakulu otero! Inu yambani ndi anthu ochepa, ndipo pulogalamu yakale ija muisunge padera kuti zikavuta mubwerereko.

Chimene ambiri mumachinyoza ndicho kulemba. Mawa mudzapeza ntchito ku Lilongwe kapena ku Joni, pulogalamu idzatsala kuno. Lembani momveka mmene imayendera ndi kumene zosunga zili, mumuphunzitse mnzanu mmodzi kuizimitsa ndi kuiyatsa. Chitani zimenezi sabata ino, musanalandire ndalama za gulu lina.