Alonda a Kumwamba: Phunziro la Namondwe Wochokera ku Dzuwa

Ife a ku Naperi sitisowa wotiuza kufunika kwake kwa chenjezo. M'mwezi wa Marichi 1023 ndi zaka zina zakale sitizidziwa, koma Marichi wa 2023 tonse timukumbukira, pamene namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala m'phiri la Soche. Zithunzi zoonetsa njira ya namondweyo zinachokera ku masetilaiti, ndiwo makina ozungulira dziko kumwamba. Tsono lero tiphunzire za namondwe wa mtundu wina, wopanda mtambo ndi mvula, amene angathe kuononga masetilaiti omwewo, ndiponso za alonda amene anthu anaika kuti azimuona akali kutali.

Dzuwa silitumiza kuwala ndi kutentha kokha. Usana ndi usiku limapemerera tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, tokhala ndi mphamvu ya magetsi. Akatswiri amatitcha mapulotoni ndi maelekitironi. Masiku ambiri mphepo imeneyi imayenda makilomita ngati 400 pa sekondi imodzi. Koma pafupifupi zaka 11 zilizonse dzuwa limachuluka mawanga, ndipo pa nyengo yotere limaphulika kawirikawiri ndi kulavula chimtambo cha tinthu timeneti. Kung'anima kwake kumatipeza pa mphindi 8. Mapulotoni aliwiro loposa amafika isanathe ola limodzi kapena patapita maola owerengeka. Chimtambo chenichenicho chimatenga tsiku limodzi kufikira masiku atatu kapena anayi.

Nanga ife bwanji sitipsa? Chifukwa dziko lathu lili ngati maginito aakulu. Mphamvu yomwe imatembenuza singano ya kampasi ndiyo imapatutsa tinthuto, ndipo mpweya wotikuta umatsekereza totsalato. Munthu wogulitsa tomato pa msika wa Limbe asade nkhawa ndi thupi lake. Oopsezedwa ndiwo makina ndi anthu amene ali kunja kwa linga limeneli, pamodzi ndi nthambo zazitali za magetsi pansi pano.

Mbiri ya mlonda woyamba ndi yokoma, ndipo ndipempha akatekisti aimvetse bwino. Pa 31 Januwale 1958 Aamerika anaponya kumwamba setilaiti yawo yoyamba, Explorer 1. M'kati mwake James Van Allen wa ku yunivesite ya Iowa anaikamo kachubu ka Geiger. Ndi kachubu kachitsulo kodzaza ndi mpweya wapadera, kokhala ndi waya pakati. Kanthu kamodzi kakaboola chubucho, magetsi amathetheka kamodzi, ndipo makina amawerenga: chimodzi. Setilaiti ikamauluka m'munsi, kachubuko kankawerenga ngati 30 pa sekondi, monga mmene anthu anayembekezera. Koma ikakwera pamwamba, nthawi zina kankangoti zii, osawerenga kanthu.

Munthu wopupuluma akadati makina afa, kapena akadalemba kuti kumwambako kulibe kanthu. Van Allen ndi ophunzira ake anadikira Explorer 3, ya m'Marichi chaka chomwecho, imene inali ndi tepi yojambula ulendo wonse. Anaona kuti chiwerengero chimakwera, kukwererakwerera, kenaka n'kugwa mwadzidzidzi. Atayesa kachubu kena ndi cheza champhamvu m'nyumba yoyesera, nako kanakhala chete. Tsono anazindikira kuti kachubuko kanali kutsamwa chifukwa cha kuchuluka kwa tinthuto, monga mwana woti awerenge madontho a mvula pa denga la malata, mvula itakula, amangosiya. Umo ndi mmene anapezera woyamba mwa malamba awiri a cheza ozinga dziko, amene mpaka lero amatchedwa ndi dzina la Van Allen.

Lamba wam'kati amatsika kwambiri pamwamba pa nyanja ya Atlantic ya kummwera, kuyambira ku South America kulowera ku gombe la kummwera kwa Africa, pakuti pamenepo maginito a dziko ndi ofooka. Masetilaiti odutsa pamenepo amasokonezeka makompyuta, ndipo ena amayamba azimitsa zida zawo zosalimba.

Alonda a masiku ano ali m'magulu awiri. Ena ali pa masetilaiti a GOES, makilomita pafupifupi 36,000 kuchokera pansi, ndipo amawerenga mapulotoni aukali. Chiwerengero chikapyola malire, ndege zodutsa kumpoto kwenikweni kwa dziko zimasintha njira, ndipo anthu okhala m'chombo cha kumwamba amabisala m'zipinda zochindikala, monga anachitira mu 2003. Ena anaikidwa patali makilomita 1,500,000 kulowera ku dzuwa: ACE mu 1997, DSCOVR mu 2015. Amenewa ali ngati munthu wokhala kumtunda kwa mtsinje. Amayamba kuona tinthu tikuchuluka, monga zinyalala ndi thovu zimatsogolera madzi osefukira. Pambuyo pake amayesa liwiro la chimtambo ndi mbali imene maginito ake aloza. Akaloza kummwera, linga la dziko limatseguka ndipo namondwe amakula. Uthenga wawo umatipatsa mphindi 15 kufikira ola limodzi. Ndi nthawi yochepa ndithu, koma imakwanira kuti woyang'anira magetsi apeputse katundu pa nthambo zake, ngati alipo womuuza, ndipo ngati anakonzeratu chochita.

Ambiri amatchula za ku Quebec, ku Canada, kumene magetsi anazima maola 9 pa 13 Marichi 1989, nati zimenezi ndi za maiko ozizira. Ine sindivomereza. Kumapeto kwa Okutobala 2003 kunadza namondwe wamkulu wa dzuwa, ndipo m'masabata otsatira mathiransifoma akuluakulu a Eskom ku South Africa anayamba kuonongeka, ena pa Lethabo, ena pa Matimba. Akatswiri a ku yunivesite ya Cape Town atafufuza anapeza kuti magetsi osokera, obadwa m'nthaka pa nthawi ya namondweyo, analowa m'nthambo ndi kutenthetsa mathiransifomawo pang'onopang'ono. Sanaphulike tsiku lomwelo. Anadwala, n'kufa pambuyo pake. Nthambo ikatalika, ngozi imeneyi imakulanso. Choncho pamene maiko a kuno kwathu ali kulumikiza nthambo zawo, monga ya pakati pa Matambo ku Tete ndi Phombeya ku Balaka, nkhaniyi iyenera kulowa m'maphunziro a ana athu ofuna ntchito ya magetsi.

Palinso china chapafupi. Mu Febuluwale 2022 kampani ya SpaceX inaponya masetilaiti 49 a Starlink, ndipo 38 anagwa ndi kupsa, chifukwa namondwe wamng'ono chabe anatupitsa mpweya wa pamwamba, n'kuwakoka. Chaka chotsatira intaneti ya Starlink inayamba kugwira ntchito m'Malawi muno.

Malo a pafupi ndi ife otanthauzira mauthenga a alondawa ali ku Hermanus, tauni ya m'mbali mwa nyanja kum'mawa kwa Cape Town. Kumeneko akhala akuyesa maginito a dziko kuyambira 1941, ndipo mu Novembala 2022 bungwe la SANSA linatsegulako likulu logwira ntchito usana ndi usiku, lochenjeza makamaka oyendetsa ndege za kusokonezeka kwa wailesi ndi GPS. Pa 10 ndi 11 Meyi 2024 kunadza namondwe woposa onse chiyambire 2003. Chenjezo linatuluka chimtambo chisanafike, ndipo usiku umenewo anthu a m'mbali mwa nyanja kufupi ndi Hermanus anatuluka panja kukaona thambo la kummwera litafiira.