Phunziro la ukhondo: kuchotsa nkhungu ndi fungo la chinyezi m'zovala

M'nyengo ya dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo, zovala zimavuta kuuma. Munthu amachapa m'mawa, masana mvula n'kugwa, ndiye amaanula zovala zisanaumitsitse n'kuziunjika m'nyumba. Pakapita masiku ochepa, pakolala ya malaya kapena payunifomu ya mwana pamaoneka timadontho takuda, totuwa kapena tobiriwira, ndipo chovalacho chimayamba kununkha. Imeneyo ndi nkhungu, ena amati chuku. Pano pakampu chovala, bulangete ndi sopo sizipezeka wamba, choncho tiyenera kudziwa kupulumutsa zimene tili nazo.

Kodi nkhungu n'chiyani?

Nkhungu ndi chinthu chamoyo cha m'gulu la bowa. Timbewu take sitioneka ndi maso ndipo timauluka ndi mphepo paliponse. Tikagwera pansalu youma sitimera. Tikagwera pansalu yonyowa, pamalo ofunda ndi osapita mphepo, timayamba kumera pakangotha tsiku limodzi kapena awiri. Nkhungu imadya ulusi wa thonje ndi chikopa, komanso thukuta, mafuta, mkaka ndi msuzi zimene zatsalira pansalu. N'chifukwa chake matewera, matawulo, zitenje ndi nsapato zachikopa ndizo zimayamba kugwidwa. Ikakhalitsa, ulusi umafooka ndipo nsalu imang'ambika ngakhale isanakalambe.

Nkhungu imakhudzanso thanzi. Anthu ena akaipuma amayetsemula, amatsokomola, maso ndi khungu zimayabwa. Odwala mphumu matenda awo amakula. Makanda, okalamba ndi anthu amene chitetezo cha m'thupi mwawo ndi chochepa asavale kapena kufunda nsalu yankhungu. Ngati chifuwa sichikutha kapena munthu akubanika, apite kuchipatala cha pakampu.

Kachotsedwe kake

1. Tulutsani chovalacho panja. Musachikutumulire m'nyumba, chifukwa timbewu tija tifalikira pazovala zina ndi pazofunda. Mangani kansalu kumphuno ndi pakamwa, ndipo ana akhale patali.

2. Chiyanikeni padzuwa mpaka chiume, kenako palani nkhunguyo ndi bulashi. Mswachi wakale umathandiza m'misoko ndi m'makolala.

3. Chinyikeni. Thirani kapu imodzi ya viniga woyera m'madzi okwana malita 5, ndipo chovalacho chikhalemo ola limodzi. Njira imeneyi ndi yabwino ngakhale pazovala zamitundu, koma yambani mwayesa pakona yobisika kuti muone ngati nsaluyo sisuluka.

4. Ngati viniga palibe ndipo chovalacho ndi choyera, finyirani ndimu pabanga, thiranipo mchere, tikitani pang'ono, ndipo chiikeni padzuwa. Ndimu ndi dzuwa zimayeretsa nsalu, choncho musachite zimenezi pachovala chakuda kapena chamitundu.

5. Chapani ndi sopo. Nsalu zolimba za thonje, monga matawulo, matewera ndi nsalu zoyala pogona, zichapidwe m'madzi otentha. Majuzi a ubweya ndi nsalu zopyapyala zichapidwe m'madzi ofunda chabe, chifukwa madzi otentha amazifupikitsa.

6. Tsukuluzani, finyani kwambiri, ndipo yanikani pachingwe padzuwa. Musayanike pansi kapena paudzu. Pansi pamakhala chinyezi, ndiponso pali ntchentche ina imene imaikira mazira pazovala zonyowa, mphutsi zake n'kulowa m'khungu la munthu.

7. Sitani ndi simbi yotentha. Kutentha kumachotsa chinyezi chotsalira m'misoko ndipo kumapha mazira a ntchentche ija.

Banga lakale silichoka tsiku limodzi. Bwerezani kawiri kapena katatu. Likakana, koma chovalacho chachapidwa, chauma ndipo sichikununkha, mungathe kuchivala. Chimene chatsalacho ndi chipsera chabe.

Chenjezo pa Jik

Jik amapha nkhungu ndi kuchotsa mabanga, koma ndi wa nsalu zoyera za thonje zokha. Thirani masupuni akuluakulu 4 m'madzi ozizira okwana malita 5, nyikani kwa mphindi 10, kenako tsukuluzani bwinobwino. Musathire Jik wosasungunula pansalu, chifukwa amaboola. Musasakanize Jik ndi viniga, ndimu kapena mankhwala ena otsukira. Zikasakanikirana zimatulutsa mpweya wapoizoni umene umawotcha maso ndi mapapo. Matewera a mkodzo atsukuluzidwe kaye asanalowe m'madzi a Jik. Gwirani ntchitoyi panja, ndipo botolo lisungidwe pamene ana sangafike.

Neti yonyikidwa m'mankhwala ophera udzudzu ili ndi lamulo lakelake. Ichapidwe ndi sopo wamba m'madzi ozizira, popanda Jik, ndipo iyanikidwe pamthunzi kuti mankhwala ake asathe mphamvu.

Ngati fungo latsala

Fungo la chinyezi limasonyeza kuti nkhungu ikadalipo kapena nsalu sinaumitsitse. Mafuta onunkhira amangolibisa. Sungunulani masupuni 3 a soda wophikira therere m'beseni la madzi, nyikani chovalacho usiku wonse, m'mawa chapani ndi kuyanika. M'nsapato wazani soda pang'ono madzulo, mawa lake mukutumule. Pukutaninso sutikesi, thumba kapena bokosi limene munali zovalazo ndi madzi a viniga, ndipo liume padzuwa lili chitsegukire. Mukapanda kutero, zovala zoyera zidzagwidwanso.

Kupewa

Kupewa sikufuna ndalama, ndipo kumapulumutsa sopo ndi madzi amene mwaimira pamzere kumjigo.

Musapinde chovala chisanaume. Gwirani m'matumba, m'chiuno ndi m'misoko, chifukwa m'menemo ndi momwe mumauma pomalizira.

Zovala zathukuta kapena zovumbwa ndi mvula musaziunjike pakona. Zikolekeni kaye ziume, ngakhale mukhale kuti muchapa mawa.

Kunja kukachita mitambo, chapani zochepa zimene chingwe chanu chingakwanitse. Mukayanika m'nyumba, siyani mpata pakati pa zovala ndipo tsegulani chitseko ndi zenera.

Musasunge zovala m'majumbo omanga, chifukwa pulasitiki amatsekera chinyezi mkati.

Ikani sutikesi ndi matilesi pamwamba pa njerwa kapena matabwa, motalikirana pang'ono ndi khoma. Makoma a zidina ndi pansi posazira ndi simenti pamatulutsa chinyezi m'dzinja.

Matani podontha padenga kapena patenti, ndipo kumbani kangalande kuzungulira nyumba kuti madzi asadikhe m'mbali mwa khoma.

Mangani makala ouma angapo m'kansalu n'kuwaika m'bokosi la zovala. Amathandiza kuchepetsa fungo, koma muziwasintha.

Zovala za kaunjika ndi zolandira zichapidwe ndi kuyanikidwa musanaziphatikize ndi zina.

Dzuwa likawala, ngakhale kwa maola awiri okha, tulutsani mabulangete, mphasa ndi zovala zimene simuvala kawirikawiri. Chitani zimenezi kamodzi pasabata mpaka mvula itatha, ndipo thandizani okalamba ndi odwala oyandikana nanu kutulutsa zawo.