Tomcat: kuika ndi kuchotsa mapulogalamu a Java pa seva ya ku ofesi kwanu

Ngati ndinu amene mumayang'anira makompyuta ku ofesi ya boma, kuchipatala, kusukulu kapena ku bungwe, tsiku lina adzakutumizirani fayilo ya dzina lothera ndi .war, n'kukuuzani kuti, "Ikani iyi pa seva, yakaleyo muichotse." Kapepala aka talembera tsiku limenelo. Kuika si kovuta, ambiri amakudziwa pa tsiku limodzi. Pamene anthu amapwetekera ndi pochotsa, ndipo tikhalitsa pamenepo.

Tomcat n'chiyani?

Tomcat ndi pulogalamu yaulere imene imakhala pa seva, ntchito yake ndi kuyendetsa mapulogalamu ena olembedwa m'chinenero cha makompyuta cha Java, kuti anthu aziwatsegula pa browser. Anaiyamba ndi James Duncan Davidson ali ku kampani ya Sun Microsystems, imene inatulutsanso Java mu 1995. Mu 1999 Tomcat inaperekedwa ku bungwe la Apache Software Foundation, ndipo mpaka lero ndi iwo amene amaisamalira. Dzinali limatanthauza mphaka wamphongo, n'chifukwa chake mukangoiika n'kutsegula tsamba lake loyamba pa port 8080 mumaona chithunzi cha mphaka.

Mwina mwaigwiritsapo ntchito osadziwa. DHIS2, imene maunduna a zaumoyo ku Malawi ndi ku Zambia amasonkhanitsiramo malipoti a zipatala, inapangidwa motsogozedwa ndi University of Oslo ndipo imabwera ngati fayilo ya WAR yoyendera pa Tomcat. OpenMRS, yosungiramo mbiri ya odwala, nayonso imayendera pa Tomcat. Tomcat imodzi itha kunyamula mapulogalamu angapo nthawi imodzi, monga nyumba ya lendi ya zipinda zambiri: denga limodzi, mita ya magetsi imodzi, koma aliyense ndi khomo lake.

Fayilo ya WAR ndi mtolo. Mkati mwake muli masamba, zithunzi ndi foda yotchedwa WEB-INF, mmene mumakhala zida zenizeni za pulogalamuyo. Mtolowu ndi wa mtundu wa zip, moti mutha kuumasula ndi chida chilichonse chomasulira zip n'kuona zamkati. Kuona kokha, osasintha kanthu.

Mukalowa mu foda ya Tomcat, mafoda atatu muwadziwe bwino. Mu webapps ndi mmene mumakhala mapulogalamu. Mu conf muli mafayilo a malamulo oyendetsera seva. Mu logs ndi mmene Tomcat imalemba zonse zimene zachitika, zabwino ndi zoipa. Ngati munaika Tomcat 9 kuchokera m'mapaketi a Ubuntu, mafodawa ali padera padera: /var/lib/tomcat9/webapps, /etc/tomcat9 ndi /var/log/tomcat9.

Kuika pulogalamu

Njira yachidule ndi kukopera fayilo ya WAR mu webapps. Tomcat ikabwera yatsopano imakhala kuti autoDeploy ndi yoyatsa, kutanthauza kuti pa masekondi pafupifupi 10 alionse imasuzumira mu fodayo. Ikapeza mtolo watsopano imaumasula, n'kupanga foda ya dzina lomwelo, n'kuyambitsa pulogalamuyo. Dzina la fayilo ndilo limasanduka adiresi. Mukaika malipoti.war, anthu adzaitsegula pa adiresi ya seva yothera ndi /malipoti. Mukafuna kuti izitseguka pongolemba adiresi ya seva popanda chowonjezera, itchuleni ROOT.war, zilembo zinayizo zikhale zazikulu.

Pali msampha apa umene umagwira makamaka ife a intaneti yoyenda pang'onopang'ono. Mukamatumiza fayilo yaikulu molunjika mu webapps kuchokera kutali, intaneti itha kuduka pakati, kapena magetsi kuzima, ndipo mu fodayo mumatsala theka la mtolo lokhala ndi dzina lolondola. Diso silingazindikire kuti ndi theka. Choncho yambani mwatumiza fayiloyo ku foda ina pa seva yomweyo. Ikafika yonse, yerekezani nambala imene lamulo la sha256sum likutulutsa ndi imene anakupatsani okutumizirani. Zikafanana, isunthireni mu webapps ndi lamulo la mv, limene pa disiki imodzimodziyo limatha nthawi yomweyo. Onaninso kuti mwini wa fayiloyo ndi akaunti imene Tomcat imayendera, chifukwa fayilo imene mwakopera muli root nthawi zina Tomcat imalephera kuiwerenga.

Njira ina ndi Manager, tsamba limene limabwera ndi Tomcat pa adiresi yothera ndi /manager/html. Poyamba palibe amene angalowe. Muyenera kutsegula tomcat-users.xml mu conf, kulembamo dzina ndi pasiwedi, n'kulipatsa udindo wa manager-gui. Mukalowa mudzaona mndandanda wa mapulogalamu onse, ndipo mzere ulionse uli ndi mabatani monga Start, Stop, Reload ndi Undeploy. Pansi pake pali posankhira fayilo ya WAR n'kudina Deploy. Dziwani kuti poyambira Manager salandira fayilo yoposa 50 MB, ndipo mtolo wa DHIS2 umapitirira pamenepo kutali. Kwa mitolo ikuluikulu, njira yokopera ija ndiyo yosavutitsa.

Manager amabwera atatsekedwa kuti azitseguka pa seva yokhayo basi. Ambiri amathamangira kuchotsa lokoyu kuti azilowa ali pa desiki pawo. Chonde musatero mwachisawawa. Aliyense amene walowa mu Manager atha kuika pulogalamu iliyonse pa seva yanu, ndipo akuba a pa intaneti amakhala akusakasaka ma Tomcat a pasiwedi zofooka usiku ndi usana. Ngati mukufunikiradi kulowa muli kutali, lolani adiresi ya kompyuta yanu yokha kapena dutsani pa SSH.

Mukaika, musadalire maso a pa browser okha. Tsegulani catalina.out kapena fayilo ya tsikulo mu logs, muwerenge mizere yomaliza. Ngati zayenda, mupeza mzere wonena kuti kuika kwatha ndi nthawi imene kwatenga. Ngati tsamba likukuyankhani ndi 404 pamene fayilo ilimo, nthawi zambiri ndiye kuti pulogalamuyo yalephera kudzuka, ndipo chifukwa chake chalembedwa mmenemo. Fufuzani liwu loti SEVERE, muyambire pa loyamba, pakuti otsatirawo amakhala ana a vuto loyambalo.

Zifukwa ziwiri zimabwera kawirikawiri. China ndi kusiyana kwa Java: Tomcat 9 imafuna Java 8 kapena yoposa, Tomcat 10.1 imafuna Java 11, Tomcat 11 imafuna Java 17, ndipo pulogalamu yanuyo ilinso ndi Java yake imene inamangidwira. Mukaona UnsupportedClassVersionError, Java ya pa seva ndi yakale. Chinacho ndi kusintha kwa maina kumene kunabwera ndi Tomcat 10. Zida zimene maina ake ankayamba ndi javax zinayamba kutchedwa jakarta, moti pulogalamu yomangidwira Tomcat 9 siyenda pa Tomcat 10 isanasinthidwe. Musanakweze Tomcat, funsani opanga pulogalamu yanu kuti ikufuna iti. Yatsopano kwambiri sikuti ndiyo yoyenera inu.

Kuchotsa

Stop ndi Undeploy si mabatani ofanana, ngakhale ali pa mzere umodzi. Stop imagoneka pulogalamu: anthu sangaitsegule, koma mafayilo onse alipo, ndipo mukadina Start idzukanso. Undeploy imaimitsa pulogalamu, kenako imafufuta fayilo ya WAR mu webapps, foda yomasulidwa ija pamodzi ndi chilichonse chimene chili mkati mwake, komanso kafayilo ka XML ka malamulo a pulogalamuyo mu conf/Catalina/localhost. Palibe bini yokatolamo. Chimodzimodzinso mukafufuta fayilo ya WAR ndi manja Tomcat ikuyenda: pakangopita masekondi ochepa, Tomcat imaona kuti mtolo wachoka ndipo imafufutanso foda yake. Mukaika WAR yatsopano pamwamba pa yakale, foda yakale imachotsedwa n'kumasulidwa ina.

Ndinaonapo zimenezi ndi maso anga pa ofesi ina imene ndinkathandiza. Anali ndi kapulogalamu kolembetsera anthu, ndipo makalata onse amene ankajambula pa sikana ankasungidwa mu foda ina mkati mwa foda ya pulogalamuyo. Palibe ankadziwa, chifukwa amene anakakonza anali atachoka kalekale. Lachisanu lina masana anaika WAR yatsopano. Pulogalamu inadzuka bwinobwino, maina onse a anthu analipo chifukwa anali mu database. Lolemba m'mawa mayi wina wolemba anthu anadina pa dzina la munthu kuti aone kalata yake, pa sikirini n'kungobwera kabokosi kopanda kanthu. Anayesa dzina lachiwiri, lachitatu, chimodzimodzi. Anatenga milungu akuvundukula makatoni a mapepala m'chipinda chosungira katundu, akujambulanso kalata imodzi imodzi, ndipo ena mwa mapepalawo anali atabwezedwa kale kwa eni ake.

N'chifukwa chake ndikuchondererani kuti lero lomwe, musanadine batani lililonse, mufufuze kumene pulogalamu yanu imasunga zinthu za anthu. Tsegulani foda yake mu webapps, muyang'ane mafayilo a deti laposachedwa kuposa tsiku limene munaiika. Mukapeza zithunzi, makalata kapena fayilo ya malamulo imene munaisintha ndi manja, dziwani kuti zimenezo zili pa njira ya tsache. Mapulogalamu omangidwa mwanzeru amasunga zotere kunja. DHIS2 imawerenga fayilo yake ya dhis.conf mu foda imene mwailozera ndi DHIS2_HOME, kutali ndi webapps, ndipo malipoti amakhala mu PostgreSQL. OpenMRS nayo ili ndi foda yakeyake ya kunja. Ngati pulogalamu yanu siinamangidwe chonchi, pemphani okonza aisinthe, ndipo podikira muzikopera fodayo kwina nthawi iliyonse musanaike yatsopano.

Pali chinanso chimene ambiri amachizindikira mochedwa. Kusunga WAR yakale n'kofunika, koma sikukwanira kuti mubwerere m'mbuyo. Mapulogalamu ngati DHIS2 akadzuka koyamba pa mtundu watsopano amasintha kamangidwe ka database kuti kagwirizane nawo. Mukabweza WAR yakale pa database yosinthidwayo, itha kukana kudzuka. Ndiye musanakweze, tengani kope ya database ndi pg_dump, muisunge pa disiki ina, ndipo muyese kuibwezeretsa pa kompyuta yoyeserera kuti mutsimikize kuti ndi yathunthu.

Musanachotse, yang'anani pa Manager pamene palembedwa Sessions. Nambala imene ili pamenepo ikuonetsa anthu amene alowa ndipo nthawi yawo sinathe. Ikakhala 14, mwina pali anthu 14 amene ali pakati polemba fomu. Auzeni nthawi, adziwe. Masiku otumiza malipoti a mwezi musakhudze seva, ndipo Lachisanu masana si nthawi yoikira zatsopano, pokhapokha ngati mwakonzeka kugwira ntchito Loweruka.

Kwa amene sangathe kuimitsa ntchito ngakhale pang'ono, kuyambira Tomcat 7 pali njira yoika mitundu iwiri pa adiresi imodzi. Yakale ikhale malipoti##001.war, yatsopano malipoti##002.war. Amene analowa kale amapitiriza pa yakale, olowa kumene amapita pa yatsopano, ndipo Sessions ya yakale ikafika pa 0 mumaichotsa. Manambalawo muziwalemba ndi ziro kutsogolo, chifukwa Tomcat imawayerekeza ngati zilembo, ndipo kwa iyo 2 imabwera pambuyo pa 11. Njirayi imafuna memory yokwanira mapulogalamu awiri, ndipo siyoyenera ngati mtundu watsopano ukusintha database.

Zotsalira m'mbuyo

Pulogalamu ikachotsedwa, sikuti nthawi zonse imabweza memory yonse imene inatenga. Mukaika ndi kuchotsa kambirimbiri osadzutsanso Tomcat, zotsalirazo zimaunjikana mpaka tsiku lina seva imaima ndi uthenga wa OutOfMemoryError, wotchula Metaspace, kapena PermGen pa Java yakale isanafike 8. Pansi pa tsamba la Manager pali batani la Find leaks limene limatchula mapulogalamu amene asiya zotsalira, koma limalemetsa seva kwa kanthawi, choncho musalidine anthu ali pa ntchito. Pa Windows mungaonenso kuti mutadina Undeploy foda sinachoke yonse, chifukwa mafayilo ena anali akadali otsegula.

Pa seva ya pulogalamu imodzi yaikulu, njira imene ine ndimaikhulupirira ndi yodekha iyi. Imitsani Tomcat yonse. Tengani kope ya database. Sunthani WAR yakale ndi foda yake, muziike mu foda ya kunja yolembedwa deti. Fufutani zotsalira za pulogalamuyo mu foda ya work, mmene Tomcat imasunga masamba amene inawakonza kale. Ikani WAR yatsopano, dzutsani Tomcat, ndipo werengani logs mpaka muone mzere wonena kuti seva yadzuka. Kenako imbirani mmodzi mwa anthu amene amaigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, alowe ndi dzina lake, atsegule kalata kapena lipoti lakale limodzi, alembenso latsopano limodzi inu mukadali pa seva.