Njira Yolowera ku IIT: Chofunika ndi Nambala Yanu pa Mndandanda

Ku India kuli masukulu 23 a uinjiniya otchedwa IIT. Onse pamodzi amatenga ophunzira osakwana 20,000 pa chaka, pamene olemba mayeso oyamba amapitirira 1 miliyoni. Kukhoza bwino pakokha sikukupatsani malo. Malo amapita kwa amene aposa anzawo.

Yambani ndi JEE Main, mayeso amene bungwe la NTA limalembetsa mu Januwale ndi mu Epulo. Lembani maulendo onse awiri, chifukwa amatenga zotsatira zabwino mwa ziwirizo. Yankho lolondola limakupatsani malikisi 4, lolakwika limakuchotserani 1, choncho funso limene simukulidziwa n'komwe lisiyeni.

Ophunzira pafupifupi 250,000 amene akhoza kwambiri ndiwo amaloledwa kulemba JEE Advanced, mapepala awiri a maola atatuatatu, tsiku limodzi. Mwayi ulipo kawiri kokha, m'zaka ziwiri zotsatizana, kuyambira chaka chimene mwalemba mayeso omaliza a sekondale. Apa ambiri amagwa chifukwa chokonda phunziro limodzi. Masamu, fizikisi ndi kemisitile, lililonse lili ndi malire ake a malikisi, ndipo katswiri wa masamu amene wanyalanyaza kemisitile dzina lake silituluka n'komwe pa mndandanda. Muziyamba tsiku ndi phunziro limene mumaliopa. Ophunzira ochokera kunja kwa India saumirizidwa kudutsa ku JEE Main, amalembetsa JEE Advanced mwachindunji.

Mayeso a sekondale musawataye. Ambiri amafunika kupeza malikisi 75 pa 100 alionse, kapena kukhala m'gulu la 20 apamwamba pa ophunzira 100 alionse a bungwe lawo la mayeso.

Nambala yanu pa mndandanda wa JEE Advanced ikatuluka, ntchito siyinathe. Malo amagawidwa kudzera ku bungwe la JoSAA, kumene mumandandalika sukulu ndi maphunziro amene mukufuna, kuyambira chimene mtima wanu uli pamenepo. JoSAA imasindikiza nambala yoyamba ndi yomaliza imene inalowa pa phunziro lililonse zaka zapitazo. Ziwerengeni modekha. Maphunziro a kompyuta ku IIT Bombay amadzaza nambala isanafike 100, pamene maphunziro ena m'masukulu atsopano amalandira anthu a nambala za m'masauzande. Lembani zosankha zambiri, zapamwamba ndi zotheka zomwe. Mukapatsidwa malo, "freeze" ndi kuvomera basi, "float" ndi kugwira malowo uku mukudikira ena abwinopo kulikonse, ndipo "slide" ndi kudikira phunziro lina pa sukulu yomweyo.

Makolo, mawu anu ndi awa. Mzinda wa Kota ku Rajasthan umalandira ana masauzande ambiri odzakonzekera mayesowa, ndipo chaka ndi chaka kumamveka za ena odzipha chifukwa cha kupanikizika. Zimandipweteka kwambiri. Mwana asanapite, muuzeni momveka kuti zotsatira za JEE Main zokha zimatsegula makomo a masukulu ena a uinjiniya otchedwa NIT, ndipo amenewonso amatulutsa mainjiniya enieni.