Kukonzekera Ukwati

Ambiri a inu mudapitako ku ukwati. Mudamva nthungululu, mudadya nsima ya nyama ndi kumwa thobwa. Koma kodi mudadzifunsapo kuti zonsezo zidakonzedwa liti, ndipo adazikonza ndani?

Pakati pa Acheŵa ukwati suyamba tsiku la phwando. Mnyamata akapeza mbeta amauza atsibweni ake, ndipo iwo amakaonana ndi atsibweni a mtsikana. Ameneŵa ndiwo kaŵirikaŵiri amakhala ankhoswe. Pa chinkhoswe akuchimuna amapereka tambala, akuchikazi napereka thadzi.

Chaka china mlongo wanga adapeza banja. Chinkhoswe chitatha, abale tidasonkhana patsinde pa mtengo wa mango kuti tipangane za phwando. Tidasankha Loŵeruka lina la mwezi wa Ogasiti, pakuti nthaŵi imeneyo anthu amakhala atakolola ndipo mvula kulibe.

Mkangano udabuka pa nkhani ya chakudya. Anyamata adafuna kuti ukwatiwo umveke kutali. Adati tigulitse chimanga cha m'nkhokwe kuti tigule ng'ombe ndi kuitanitsa oimba a m'tauni. Atsibweni adamvetsera mpaka onse atatha kulankhula. Kenaka adafunsa kuti, "Kodi alendo anuwo adzabweranso mwezi wa Januwale, ana aŵa akamadzalira ndi njala?"

Palibe amene adayankha. Tidaŵerenga madengu a chimanga oti banja lidye kufikira zokolola zina, ndipo tidaŵapatula. Otsalawo ndiwo adakhala a ukwati. M'malo mwa ng'ombe tidagwirizana zopha mbuzi ziŵiri ndi nkhuku.

Tsono tidagaŵana ntchito. Ena adapatsidwa ya nkhuni, ena ya madzi, ena yomanga chisakasa. Koma pamenepa tidalakwitsa chinthu chimodzi. Tidangoti, "Chimera akonza amayi," osatchula kuti amayi ake ati. Azakhali adayesa kuti akonza mayi athu, mayi athunso nayesa kuti akonza azakhali.

Chimera sichifuna liŵiro. Maŵere kapena chimanga amayamba aziviika m'madzi. Akazivuula amazifunditsa ndi masamba kufikira zitamera, kenaka amaziyanika padzuŵa. Zikauma ndipo amazisinja. Ufa wake ndiwo amathira m'phala kuti likhale thobwa lotsekemera. Ntchito yonseyi imatha sabata yathunthu kapena kupitirira.

Patatsala masiku atatu, miphika yaikulu itatsukidwa kale, padadziŵika kuti chimera palibe. Mayi athu adagwira njakata. Alendo ochokera kutali akafika, nanga tikaŵalandira ndi chiyani? Ukwati wopanda thobwa anthu sauiŵala msanga.

Agogo sadakalipire munthu. Adangosenza dengu nayamba kuyenda khomo ndi khomo. Pamudzipo panalibe ukwati kapena maliro amene iwo sadakathandizeko kuphika, motero palibe amene adaŵabweza chimanjamanja. Uyu adapereka mbale imodzi, uyo ziŵiri. Dzuŵa likuloŵa adabwera dengu lili lodzaza, ndipo usiku womwewo moto udayaka pamafuwa.

Loŵeruka anthu adadya, adamwa, navina mpaka madzulo. Chimera cha eni ake tidabweza mwezi wotsatira, mbale ndi mbale monga momwe agogo adaŵerengera.

Patapita zaka ziŵiri mng'ono wanga nayenso adafuna kukwatira. Pamsonkhano woyamba atsibweni adandipatsa pensulo ndi pepala, nati, "Lemba ntchito iliyonse ndi dzina la mwini wake. Uyambe ndi chimera."

Mafunso

1. Kodi ankhoswe amapatsana chiyani pa chinkhoswe?
2. Chifukwa chiyani atsibweni adakana kugulitsa chimanga?
3. Fotokozani m'mene amakonzera chimera.
4. N'chifukwa chiyani anthu sadaŵamane agogo chimera?
5. Perekani matanthauzo a mawu aŵa: mbeta, kugwira njakata, chimanjamanja.