Fupa Lomera M'mnofu

Tiyerekeze kuti ndi Loweruka masana mwezi wa June, mphepo yochokera ku Phiri la Dedza ikuomba monga mwa nthawi zonse, ndipo a Fomu 3 akusewera mpira ndi a Fomu 4. Mnyamata wina walumphira mpira wam'mwamba, mnzake n'kumugunda ndi bondo pantchafu. Wagwa, wadzuka, watsimphina pang'ono, koma poopa kutchedwa wamantha wapitiriza kusewera mpaka mpira kutha. Pofika madzulo ntchafu yatupa. Anzake omufunira zabwino atereka madzi, amuthowa, ndipo wina wa manja olimba wayamba kumutikita ati kuti magazi abalalike. Patapita milungu inayi kutupa kwaphwa, koma pakati pa ntchafu patsala chotupa cholimba gwa, ndipo bondo likukana kupindika. Kugwada sakutha, kuthamanga ndiye osanena. Ku chipatala amujambula X-ray, ndipo chithunzi chikuonetsa kafupa kali phee m'kati mwa mnofu, pambali pa fupa lenileni la ntchafu.

Kodi kafupa kameneka kachokera kuti? Kumudzi funso lotere likhoza kudanitsa abale, pakuti sipangalephere wina wonena kuti mwanayo amuponyera. Koma yankho lake lili m'thupi momwemo. Madokotala amalitcha vutoli myositis ossificans, ndipo dzina lokulirapo la fupa lililonse lomera pamalo osayenera ndi heterotopic ossification.

Amisiri osokera malo

Tisamaganize kuti fupa lili ngati mtengo wouma. Fupa ndi lamoyo, lili ndi mitsempha ya magazi, ndipo tsiku ndi tsiku muli timaselo tina timene timagumula fupa lakale pamene tina tikumanga latsopano. Fupa likathyoka, magazi amaundana pothyokapo. Magazi oundanawo pamodzi ndi kutupa ndiye uthenga woitana amisiri. Poyamba amamanga mlatho wofewa wonga chichereche, kenaka amauumitsa ndi mchere wa kashiamu, ndipo pamapeto pake amausema pang'onopang'ono kufikira fupa litabwerera m'maonekedwe ake.

Tsono m'minofu mulinso timaselo tosapatsidwa ntchito, timene tingasanduke mnofu, mafuta, kapena fupa, malingana ndi uthenga umene talandira. Mnofu ukaphwanyikira pafupa, monga zimachitikira bondo la mnzako likakupeza pantchafu, magazi amatayikira m'kati. Nthawi zambiri thupi limayamwa magaziwo nkhani n'kutha. Koma nthawi zina timaselo tija timamva uthenga molakwa, timayesa kuti pathyoka fupa, ndipo timayamba kumanga. Ntchito yake timaigwira bwino ndithu, kungoti timamanga pabwalo pamene sipanafunike nyumba.

Amene anatitsegula maso pa nkhaniyi ndi dokotala wa mafupa wa ku America, Marshall Urist. M'chaka cha 1965 iye anafalitsa zotsatira za kafukufuku wodabwitsa. Anatenga tizidutswa ta fupa, natiika mu asidi kuti mchere wonse usungunuke, kenaka natikwirira m'minofu ya akalulu ndi makoswe. Patapita milungu yowerengeka, m'minofumo munamera fupa latsopano lamoyo. Izi zinasonyeza kuti m'fupa muli chinthu china chimene chimalamula maselo kuti asanduke omanga fupa. Chinthucho anachitcha bone morphogenetic protein, mwachidule BMP. Lero madokotala a maiko ena amagwiritsa ntchito BMP polumikiza mafupa okana kupola. Choncho mphamvu imene imachiritsa wothyoka mwendo ndi yomweyo imene imaumitsa ntchafu ya mnyamata wathu uja.

Nanga kuthowa ndi kutikita kwalakwanji?

Apa ndi pamene ambiri a ife timaphonya. M'masiku awiri kapena atatu oyamba, timitsempha tophulika tija timakhala tisanatsekeke bwino. Madzi otentha amatitsegula, kutikita kumating'ambanso, ndipo kubwerera m'bwalo msanga kumaonjeza bala pabala. Magazi otayika akachuluka, uthenga woitana amisiri umakulanso. Kafukufuku wa pa sukulu ya asilikali ya West Point ku America, wofalitsidwa mu 1991, anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa anyamata 10 alionse ogundidwa pantchafu anamera fupa m'mnofu, ndipo vutoli linkakonda amene anachedwa kulandira chithandizo masiku oposa atatu ndi amene anavulalapo kale pamalo omwewo.

Choyenera kuchita sichifuna ndalama. Wovulalayo atuluke m'bwalo nthawi yomweyo, ngakhale timu yake ikugonja. Ikani chozizira potupapo kwa mphindi 15 kapena 20, kangapo patsiku. Ngati palibe ayezi, nsalu yonyika m'madzi ozizira ikwanira, ndipo kuno ku Dedza madzi ozizira sitichita kugula. Mangani bandeji mothina pang'ono, bondo lili chopinda, ndipo lisiyeni choncho usiku woyamba. Mnofu wa pantchafu ukakhala wokokeka motero magazi sapeza malo ambiri otayikira, ndiponso bondo siliuma. Ululu ukayamba kuchepa, mwini wake ayambe kupinda ndi kuongola bondo yekha, kulekezera pamene payambira kuwawa. Koma ngati m'mawa mwake bondo likulephera kupindika mpaka kufika pa madigiri 90, monga mmene limakhalira munthu akakhala pampando, kumeneko ndi kuvulala kofunika chipatala.

Mau kwa makolo: chigongono cha mwana

Imodzi mwa mfundo zimene zimavutika kwambiri ndi fupa losokerali ndi chigongono. Mwana wa zaka zisanu mpaka zisanu ndi ziwiri akagwa mumtengo wa mango ku Mtakataka, kapena wa mapichesi kumtunda kuno, amatsogoza dzanja, ndipo kawirikawiri fupa limathyokera pamwamba penipeni pa chigongono. Kutsogolo kwa malo amenewa kwagona mnofu, mtsempha waukulu wa magazi ndi mitsempha yopereka mphamvu ku zala. N'chifukwa chake kukoka mkono wotere, kuutikita, kutemera mphini, kapena kuumanga zolimba ndi timitengo ndi luzi, n'koopsa. Zala zikayamba kuzizira, kuchita dzanzi, kapena mwana akamalira kwambiri mukamaziongola, masulani chomangiracho ndipo thamangani naye ku chipatala tsiku lomwelo, pakuti magazi akaleka kuyenda kwa maola owerengeka chabe dzanja limapinimbira kwa moyo wonse.

Cholakwa china chimabwera atachotsa chikhakha. Chigongono chimakhala chouma, ndipo kholo loda nkhawa limayamba kuongola mkonowo mokakamiza mwana ali kulira, kapena kumunyamulitsa ndowa ya madzi kuti kulemera kuukoke. Ine ndikuona kuti apa chikondi chimaononga koposa ulesi. Kukoka kulikonse kumang'amba mnofu umene unayamba kupola, ndipo fupa likhoza kumera kutsogolo kwa mfundo n'kuitseka ngati mpiringidzo. Mwana wotere amalephera kufikitsa mbamu ya nsima pakamwa. Musiyeni mwana azisewera, azidya, azisamba ndi dzanjalo mmene angathere. Ana ambiri amaongoka okha pakapita miyezi ingapo.

Si mpira ndi mitengo yokha. Fupa losokera limameranso pa nyonga munthu akachitidwa opaleshoni, pa anthu opsa kwambiri ndi moto, ndi pa ovulala mutu kapena msana, monga timaonera pa ngozi za njinga zamoto mumsewu wa M1. Palinso matenda ena achibadwa osowa kwambiri, otchedwa FOP, amene minofu imasanduka fupa pang'onopang'ono kuyambira paubwana. Mwana wake amabadwa ndi zala zazikulu za kumapazi zazifupi ndi zopindikira m'kati. Harry Eastlake wa ku America anadwala matendawa, namwalira mu 1973 atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 40, thupi lonse litauma. Mafupa ake akusungidwa ku Mütter Museum mumzinda wa Philadelphia kuti ophunzira aziwaona. Mu 2006 gulu la Eileen Shore ndi Frederick Kaplan pa yunivesite ya Pennsylvania linapeza gwero lake: kachipangizo ka pa maselo kolandirira uthenga wa BMP uja kamakhala kolakwika, kotero kamalamula kumanga fupa popanda chifukwa. Kwa odwala otere ngakhale jakisoni wa m'mnofu kapena kudula chotupa kumangobala fupa lina.

Likamera, chimachitika n'chiyani?

Choyamba ndi kujambula, ndipo izi siziyenera kunyozeredwa, chifukwa chotupa cholimba pantchafu ya wachinyamata chikhozanso kukhala khansa ya mafupa. X-ray ya masiku oyamba sionetsa kanthu. Kafupako kamayamba kuoneka pakapita milungu itatu kapena kuposerapo, ndipo kamakhwima kuyambira kunja kupita m'kati, chizindikiro chimene chimathandiza dokotala kukasiyanitsa ndi khansa. Kwa ambiri kafupaka kamaleka kukula, kamachepa kokha, ndipo munthu amabwerera ku mpira. Opaleshoni imachitika pokhapokha ngati katseka mfundo kapena kakupanikiza mtsempha, ndipo madokotala amayamba adikira miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka, popeza kochotsedwa kasanakhwime kamakonda kumeranso. Nthawi zina amapereka mankhwala a indomethacin, aja timati indosidi, pofuna kuteteza. Musagule nokha pa okala: amapweteka m'mimba, ndiponso akhoza kuchedwetsa kupola kwa fupa lothyoka.

Kwathu kuno madokotala a mafupa ndi ochepa, koma chithandizo chilipo. Mu 1985 Dr. Ed Blair anayambitsa maphunziro a miyezi 18 ophunzitsa madokotala othandizira ntchito ya mafupa, ndipo lipoti la Pulofesa Nyengo Mkandawire ndi anzake la mu 2008 linawerenga anthu 117 amene anali atamaliza maphunzirowa. Ndi anthu amenewa amene amaongola mafupa ndi kuika zikhakha m'zipatala za maboma monga cha Dedza. Zikawakulira amatumiza wodwala ku Kamuzu Central ku Lilongwe, kumene mu 2023 kunatsegulidwa chipatala cha mafupa ndi ubongo chotchedwa LION, kapena ku Beit CURE ku Blantyre, chimene chakhala chikuthandiza ana kuyambira 2002. Popita kumeneko tengani zithunzi zonse za X-ray, zakale ndi zatsopano zomwe, ndipo kumbukirani tsiku lenileni limene munavulala, chifukwa dokotala adzawerengera msinkhu wa kafupako kuchokera pa tsiku limenelo.